Achemwali anga awaitana ku biopsy, kumudzi akuti akwere basi: titani?

NaJere wa ku Rosettenville

Moni nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndabwera ndi yanga. Mundikhululukire abambo amene muli muno, ndilankhula za azimayi mosabisa.

Achemwali anga aakulu, a bere limodzi, ali ndi zaka 47. Amagwira ntchito yapanyumba ku Randburg, amagona konko, kwa ine amabwera Loweruka. Akhala pa ma ARV zaka zambiri ndipo sadumphitsa. Chakumayambiriro kwa chaka anayamba kuona magazi pa masiku amene si akumwezi. Ankati mwina akusiya kusamba, poti msinkhu wake ndi womwewo. Kenako kunabwera chikazi chamadzimadzi, chonunkha, moti anasiya kukhala pakati pa anzawo kutchalitchi, ankakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko. Ine ndinadziwa nditawapeza akuchapa zofunda pakati pa usiku, madzi a m'beseni atafiira. Apo m'pamene anaulula kuti akakhala malo amodzi ndi alamu anga magazi amatuluka, ndipo msana cham'munsimu ukuwawa osaleka.

Ku kiliniki ina anangowapatsa mapiritsi a matenda opatsirana pogonana, osawaona n'komwe. Atapita ku ina, nesi wachikulire anawagoneka pabedi, anawaunika, n'kunena kuti pakhomo la chiberekero pali chilonda chimene sichikumusangalatsa. Anatenga Pap smear (kupala pang'ono pakhomopo kuti akapime ngati pali zizindikiro za khansa) koma anati tisadikire zotsatira zake, analemba kalata ya ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko atipatsa Lachinayi la sabata ya mawa kuti akadule kachidutswa n'kukapima. Pakadi alemba kuti biopsy.

Mutu waima apa. Amayi athu ku Ntcheu akulira pafoni, akuti mwana wanga asakhudzidwe ndi chitsulo, khansa ukaigunda imalusa, abwere kuno kuli munthu wodziwa zitsamba. Alamu anga nawo akuti akwere basi ku Park Station akadali ndi mphamvu zoyenda. Sanena poyera, koma ine ndikudziwa chimene chili mumtima mwawo. Akuopa ndalama zonyamulira maliro kuchokera kuno ku Joni. Achemwali anga sakuyankha aliyense, akungoti "nanga ntchito yanga, nanga fizi ya ana."

Amene munadutsamo, ndiuzeni. Kodi n'zoona kuti kudula kachidutswa kumafalitsa matenda? Akapeza kuti ndi khansa, chotsatira n'chiyani? Nanga n'kwabwino kukhala kuno kapena kupita kumudzi?

NaChisale, Cosmo City

Pepani ndi matenda a NaJere. Ine ndi mayi wa zaka 53, ndimagulitsa masamba ndi usipa kuno ku Cosmo. Khansa ya khomo la chiberekero anandipeza nayo pa siteji 2B, ndinalandira chithandizo konkuno, ndipo ndine ndemwe ndikukulemberani lero.

Lachinayilo apite. Ngakhale adona awo avute za tchuthi, apite. Amakugoneka monga pa Pap smear, dokotala amayang'ana khomo ndi makina okulitsa zinthu otchedwa colposcope, nthawi zina amapakapo viniga kuti malo odwala ayere. Akamadula umangomva kutsinidwa, m'mimba n'kupotokola pang'ono. Kachidutswako n'kochepa ngati njere ya mpunga. Amakaika m'kabotolo ka mankhwala, amalembapo dzina lako, basi wadzuka. Atenge pad chifukwa magazi amadontha tsiku limenelo ndi masiku angapo otsatira, ndipo abambo adikire kaye mpaka pachire.

Za kulusa zija, amayi anu musawakalipire, akunena zimene maso awo anaona. Kwathu munthu amafika kuchipatala matenda atamudya kale, amamudula kachidutswa, pakapita miyezi iwiri wamwalira, anthu n'kumati chitsulo chija ndicho chamupha. Chinamupha ndi chaka chimene anakhala pakhomo akumwa zitsamba. Popanda biopsy palibe dokotala amene angakupatseni mankhwala a khansa, kaya kuno kaya ku Malawi, chifukwa sadziwa chimene akulimbana nacho. Ndipo mwina sikhala khansa, zilonda zina za pakhomo zimachokera ku matenda ena.

Zotsatira zimatenga masabata angapo. Nthawi imeneyo ndi yowawa kuposa biopsy yeniyeniyo, tulo sitibwera. Muzikhala nawo pafupi, musawasiye okha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana.

Zikatuluka kuti ndi khansa, sayamba mankhwala tsiku lomwelo. Amafuna adziwe kaye pamene yafika. Amakupima ndi dzanja kutsogolo ndi kumbuyo komwe (n'zochititsa manyazi koma m'pamene amamva ngati chotupa chafalikira m'mbali), amatenga magazi kuti aone kuchuluka kwake ndi mmene impso zikugwirira ntchito, amajambula chifuwa, amachita sikani ya m'mimba. Akatero amakuuza siteji, kuyambira 1 mpaka 4. Ikakhala yaing'ono, isanatuluke pakhomo, amachita opaleshoni yochotsa chiberekero. Yanga inali itayamba kulowa m'minofu ya m'mbali, ndiye anati mpeni suthandiza, njira yake ndi radiotherapy (kupha chotupa ndi mphamvu ya makina) pamodzi ndi chemo (mankhwala olimbana ndi khansa). Ndinalira kuti bwanji osangochichotsa chinthucho, ndinkaona ngati andisiya. Dokotala wachitsikana anatenga pepala, anajambula chiberekero ndi bolopeni, n'kundionetsa kuti akadula, mizu ya m'mbali itsalira. Kuyambira pamenepo mtima unakhala pansi.

Radiotherapy ya boma kuno ku Johannesburg imachitikira ku Charlotte Maxeke, ku Parktown. Anthu amati kuwotcha, ndipo mawuwo anandiopsa kwambiri, ndinkaganiza za moto. Kulibe moto. Tsiku loyamba amakujambula, amakuika timadontho ta inki pakhungu la m'chiuno kuti tsiku lililonse makina aziloza malo omwewo. Musafute timadonthoto posamba. Usanalowe amakuuza kumwa madzi kuti chikhodzodzo chidzaze, matumbo akankhidwire kutali ndi mphamvuyo. Umagona chagada, onse amatuluka, makina amazungulira akulira pang'onopang'ono, sumva kanthu. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu watuluka. Zimatero Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata pafupifupi asanu, ndipo kamodzi pa sabata amakuika dripi ya mankhwala otchedwa cisplatin. Cha kumapeto kumabwera brachytherapy. Amalowetsa timachubu kunjira ya amayi mpaka pakhomo kuti mphamvu igunde chotupa chapafupi penipeni. Iyi sindikunamizani, imavuta, koma amapereka mankhwala oletsa ululu ndipo ndi maulendo ochepa.

Masabata awiri oyamba ndinkati kodi zimene amaopseza zija ndi zimenezi? Sabata yachitatu kunayamba kutsegula m'mimba, pokodza kuwotcha, khungu la m'mphechepeche kuda ndi kusupuka, kutopa koti ukatsika tekisi pa renki ya Bree umafuna kukhala pansi pompo. Nyemba, therere ndi zokazinga ndinazileka. Phala la ufa woyera, nthochi zakupsa, mpunga, mazira owiritsa ndi madzi ambiri ndizo zinandisunga. Tsitsi langa silinathothoke, cisplatin wa sabata ndi sabata sathothola tsitsi kawirikawiri. Magazi anasiya kutuluka chithandizo chisanathe n'komwe, fungo lija linatha, ndinabwerera pa benchi yakutsogolo. Kusamba kwa kumwezi kunathera pomwepo, ndipo ndibwino alamu anu adziwiretu zimenezi, komanso kuti njira ya amayi imachepa pambuyo pake, manesi amaphunzitsa zochita.

Chimodzi chimene anatiuza mobwerezabwereza n'chakuti ukayamba usadukize. Chithandizo chonse chimafunika chithe m'masabata asanu ndi atatu. Ukadumpha masiku chifukwa cha ndalama ya tekisi, chotupa chimapeza mpata wophukanso. Choncho a NaJere yambani lero kusonkha ya transipoti, auzeni a chipereganyu chanu, auzeni amayi a kutchalitchi. Ndipo achemwali anu akamabwera kuchokera ku makina si oopsa kwa wina aliyense. Adye nanu mbale imodzi, anyamule ana. Khansa sipatsirana, mphamvu ya makina sitsalira m'thupi.

Mbewe wa ku Mayfair

Mayi Jere, ine ndine bambo, za amayi sindilowererapo, koma za kupita kumudzi ndiyankhulepo, chifukwa alamu anuwo ndikuwamvetsa.

Bambo anga anamwalira ndi khansa ya kummero. Inayamba ndi nyama kukakamira pachifuwa. Kenako nsima, ankachita kutsitsira ndi madzi mbamu iliyonse. Kenako phala. Pomwe ankalowetsedwa kachubu ka kamera kukhosi ku Queens ku Blantyre, ngakhale malovu ankalavulira m'kachitini. Madokotala anaika kachubu kotsegula njira ya chakudya kuti azimezako, koma za kuchira zinali zitadutsa. Aliyense amene akuwerenga, chakudya chikayamba kuima pakhosi ndipo thupi likutsika, musamati ndi chilungulira. Khansa imeneyi kwathu ndi yochuluka kwambiri.

Chimene ndinaphunzira m'miyezi imeneyo n'chakuti wodwala khansa amafuna gadiyani usana ndi usiku. Kumudzi kunali amayi, azakhali, achemwali, wina akutereka phala wina akuchapa. A ku Tiyanjane, kiliniki yochepetsa ululu wa odwala matenda osachiritsika pa Queens pomwepo, anatipatsa morphine wamadzi, bambo anagona tulo koyamba patapita nthawi yaitali. Kuno ndani angasiye ntchito? Tonse timadzuka mdima ulipo, tikajomba masiku awiri apeza wina. Ndiye kumudzi musakutenge ngati kotaya munthu. Pa Queens a MSF, bungwe la madokotala opanda malire, akhala akuthandiza amayi a khansa ya khomo la chiberekero kuyambira 2018, ndipo ku Lilongwe pa Kamuzu Central anatsegula National Cancer Centre mu 2025, pomwe kale odwala ofuna radiotherapy ankachita kutumizidwa kunja monga ku India.

Koma asakwere basi Lachinayi lisanafike. Apimitse, adikire pepala la zotsatira, alijambule pafoni, alikope kawiri. Ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Zobue ndi wa masiku awiri kapena kuposa, munthu wotaya magazi atha kukomokera m'njira. Ndipo kufika kumudzi chimanjamanja ndiye kuti akayambiranso pa health centre, mzere wake womwewo. Musanagule tikiti tumani m'bale ku Lilongwe kapena ku Blantyre akafunse yekha kuti wodwala watsopano akudikira nthawi yaitali bwanji.

Nesi NaBanda (Kempton Park)

Ndinagwira unamwino ku Malawi zaka zambiri, mbali ina ndinkaunika amayi ndi viniga pa chipatala cha boma. Kuno ndimasamalira okalamba m'nyumba. A NaChisale afotokoza bwino kwambiri, ine ndingowonjezera zimene zikukhudza achemwali anu makamaka, poti ali pa ma ARV.

Choyamba, pabanja pasakhale kulozana zala. Khansa iyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene pafupifupi aliyense amene anakhalapo malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakumana nako nthawi ina. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalira, n'kumasintha khungu la pakhomo pang'onopang'ono kwa zaka 15 mpaka 20 lisanasanduke khansa. Chitetezo cha m'thupi chikakhala chofooka zimafulumira, zaka 5 mpaka 10. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Ndiye kachilombo ka HPV mwina kanalowa m'thupi mwa achemwali anu kalekale, ana awo asanabadwe n'komwe. Si za dzulo, si za alamu anu, si kulodzedwa.

Ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi, kaya ali pa chemo kaya akusanza. Popita kuchipatala anyamule botolo lenilenilo ndi zotsatira za viral load ndi CD4 zaposachedwa. Dokotala ayenera kuona dzina la mankhwalawo, chifukwa tenofovir, amene ali m'mapiritsi omwe ambiri akumwa masiku ano, amafuna impso zabwino, cisplatin nayenso amalemetsa impso zomwezo. Nthawi zina amasintha ma ARV kwa kanthawi. Pa chifukwa chomwechi zitsamba za m'mabotolo zija, kaya zochokera kumudzi kaya zogula mumsewu, ndikukupemphani ayi. Impso zikafooka dokotala amaimitsa chemo, ndiye mwataya theka la chithandizo. Mapemphero apitirire, m'busa abwere, koma wina akati taya mankhwala wachiritsidwa, mutsekereni chitseko.

Pamene mukudikira, pali zinthu zosafunika kudikira tsiku la pakadi. Magazi akamadzaza pad m'ola limodzi, akamatuluka zibuluma, akamva chizungulire kapena mtima kuthamanga, pitani ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, usiku womwewo. Chimodzimodzi mkodzo ukachepa kwambiri kapena mwendo umodzi ukatupa. Akadzayamba chemo, gulani thermometer ku pharmacy. Thupi likatentha kufika 38, musangomwa panado n'kufunda bulangeti, thamangirani ku casualty, chifukwa nthawi imeneyo asilikali a m'thupi amakhala atachepa ndipo matenda aang'ono amapha msanga. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati palibe munthu amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silinena za pasipoti.

Za ndalama, zimene chipatala chimalipiritsa zimatengera mapepala amene munthu ali nawo ndi malipiro ake. Anyamule pasipoti, pemiti ngati ilipo, umboni wa kumene amakhala, ndi kalata ya abwana yonena zimene amalandira pamwezi. Bilu ikaoneka yosatheka musathawe, funsani social worker wa pachipatalapo. Wina akakubwezani pageti chifukwa ndinu obwera, a SECTION27 ndi a Lawyers for Human Rights, mabungwe a maloya omenyera ufulu wa anthu, ali ku Braamfontein ndipo nkhani zotere amazidziwa. A CANSA, bungwe loona za khansa kuno, amathandiza ndi uphungu ndi kukulumikizani ndi odwala anzanu. Mzere wa radiotherapy m'zipatala za boma ku Gauteng ndi wautali, manyuzipepala akhala akulemba. N'chifukwa chake tsiku lililonse limene mwapatsidwa ndi lamtengo wapatali, mukaliphonya mumabwerera kumchira. Pochoka kwa dokotala aliyense muzifunsa kuti tsiku lotsatira ndi liti, chipinda chiti, ndipo nambala ya foni imene ili pa fayilo ikhale yoti imayankhidwa. Ambiri amene amagwira m'nyumba foni imakhala m'chikwama tsiku lonse. Lembetsani yanu ngati yachiwiri.

Pa funso la kuno kapena kumudzi, ine ndili pakati pa a NaChisale ndi a Mbewe. Siteji ndiyo iyankhe. Ngati dokotala akuti cholinga n'kuchiza, khalani kumene chithandizo chiyambe msanga ndi kutha osadukiza. Ngati akuti cholinga n'kuchepetsa ululu ndi magazi, pamenepo mawu a a Mbewe ndi olemera. Funsani dokotala molunjika kuti cholinga ndi chiti, ndipo achemwali anu akhalepo, amve okha. Thupi ndi lawo. Mwambo wathu wobisira wodwala n'kumanong'onezana pakhonde umamulanda mpata wokonza za ana ake.

Inunso a NaJere, munaunikidwa liti? Kuno ku kiliniki ya boma Pap smear ndi yaulere pa zaka 30, 40 ndi 50, ndipo mayi amene ali ndi HIV amayenera kuunikidwa akangopezeka nako, kenako zaka zitatu zilizonse. Kusintha kwa khungu kukapezeka khansa isanayambe, amangochotsa kagawo kodwalako ndi kawaya ka magetsi, amati LLETZ, tsiku lomwelo wabwerera kunyumba. Atsikana anu abayitse katemera wa HPV. Kuno anayamba kupereka m'sukulu za boma mu 2014, ku Malawi mu 2019, kwa atsikana a zaka 9. Fomu ikabwera kuchokera kusukulu sainani, katemerayu satseka mimba ya mwana aliyense.

Poti ambiri awerenga pano, ndionjezere ziwiri zimene ndimakumana nazo pakati pathu. Chotupa cha m'bere chimene sichikuwawa ndicho chofunika kuthamangira, osati kudikira chiyambe kupweteka. Chimodzimodzi nsonga ya bere kulowa mkati, kutuluka magazi, khungu kuchita timaenje, kapena mwanabere wolimba kukhwapa. Ku Helen Joseph ndi ku Chris Hani Baragwanath kuli makiliniki a mabere. China ndi mawanga akuda kapena ofiirira, osayabwa, m'miyendo kapena m'kamwa kumwamba, mwendo n'kumatupa molimba. Imeneyo ikhoza kukhala khansa yotchedwa Kaposi, imakonda anthu amene chitetezo chatsika, abambo ambiri amaibisa m'thalauza mpaka kulephera kuvala nsapato. Imamva ma ARV ndi chemo ikagwidwa msanga.

NaJere wa ku Rosettenville

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndinawawerengera achemwali anga zonse Loweruka, mpaka za a Mbewe zomwe. Pa za a NaChisale anandiuza kuti ndibwereze pamene akunena kuti fungo linatha.

Lachinayi tinapita. Alamu anga anatiperekeza, anakhala panja. Adula, sizinatenge nthawi, anatuluka akuyenda okha. Magazi awo apezeka ochepa kwambiri, moti awapatsa mapiritsi owonjezera magazi ndipo akuti akapitirira kutsika awathira. Dokotala sanabise, wati mmene chikuonekera chilondacho akukayikira khansa, koma tidikire pepala. Atiuza kubwerera pakatha masabata atatu, ndipo nambala yanga ndalembetsa pa fayilo monga munanenera anesi. Amayi ku Ntcheu tawauza kuti za ulendo tikambirana zotsatira zikatuluka. Sanakondwe koma asiya kulira. Ine ndapatsidwa Lachiwiri ku kiliniki yathu kuti ndikaunikidwe.

Chatsala ndi ntchito. Adona sakudziwa kanthu, akungodziwa kuti anapita kukaonana ndi dokotala. Tiwauze tsopano kapena tidikire?

NaChisale, Cosmo City

Dikirani pepala, koma Lachinayi lapitali likhale ndi sick note yake, ngati simunatenge bwererani mukapemphe. Wantchito wapanyumba kuno ali ndi ufulu wa masiku odwala olipidwa monga wantchito wina aliyense, ndipo ngati adona amawadulira UIF, thumba la boma lothandiza antchito malipiro akaima, kuli ndalama ya odwala imene angapemphe akakhala nthawi yaitali osagwira. Zotsatira zikatuluka mupite nonse awiri kwa adonawo ndi kalata ya dokotala m'manja, mukawauze masabata amene chithandizo chitenge, ndipo mukhale mutapeza kale mayi wodalirika wa kwathu woti agwirizire malowo. Mapiritsi a magaziwo amadetsa chimbudzi ndi kuumitsa m'mimba, asadabwe, ndipo asamwere tiyi. Nambala yanga ndakutumizirani ku inbox, achemwali anu andiimbire madzulo aliwonse ndikatseka pamsika.